Muvi wosabwerera pa munda wa amayi

Maputo, 19 Epulo 1999

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo. Kodi bondo lija linkakuvutani pa Khirisimasi laphwa? Nanga achemwali a Francisca, malungo aja anawasiya? Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa chinandigwira sabata ziwiri chifukwa chipinda changa chimadontha pakona pomwe pali bedi. Mwini nyumba amangoti abwera mawa, ndipo mawa lakelo silinafikebe.

Mumandifunsa kawirikawiri kuti ntchito yanga ndi yotani kwenikweni, ine n'kumangoseka. Lero ndikufotokozerani, chifukwa ntchitoyo yafika pakhomo panu ine osadziwa.

Kampani yathu ikukonza pulogalamu ya pakompyuta yosunga mayina a minda ndi eni ake. Tikukonzera bungwe lija linadutsa ku Majaua ndi mapepala mwezi watha. Kompyuta ilibe nzeru zakezake, imangotsata zimene yauzidwa. Ndiye anzathu asanayambe kuilembera malamulo, ine ndi mnzanga Josefina timayamba tajambula papepala mmene zinthu ziziyendera. Chinthu chilichonse chimakhala ndi bokosi lake. Pali bokosi la munthu, palinso bokosi la munda, ndipo pakati pake timakoka mzere wosonyeza ubale wawo. Kumapeto kwa mzerewo timaika nambala. Ine ndinaika 1, kutanthauza kuti munda uliwonse mwini wake ndi mmodzi.

Chojambula china chimasonyeza ulendo umene munda umayenda. Ukangolembedwa, muvi umautengera m'bokosi la minda yoyembekezera, momwe umakhala masiku makumi asanu ndi limodzi kudikira ngati pali wodandaula. Wina akadandaula, muvi umaulowetsa m'bokosi la minda yamkangano, anthu n'kukhala pansi kukambirana. Pakapanda wodandaula, umapita m'bokosi la minda yotsimikizidwa. Kuchokera mmenemo palibe muvi wobwerera. Ndikudziwa bwino chifukwa ndinajambula ndine.

Sabata yatha mapepala oyamba anafika kuchokera ku Zambezia kuti tiyesere ntchito yathu. Timatenga pepala limodzi n'kumalondola ndi chala pa chojambulacho, bokosi ndi bokosi, kuona ngati pali pamene lingakodwe. Ine ndinasankha dala mtolo wa ku Majaua, pofuna kungoona mayina a kwathu. Pepala lachinayi linali la munda umene malire ake ndi mango awiri kum'mawa, chulu kumadzulo ndi khwawa kumunsi. Amayi, ndi munda wanu uja.

Pa dzina la mwini munda palembedwa alamu a Jorge, amuna awo a achemwali a Francisca. Mboni ndi achimwene awo. Inu mwalembedwa m'munsi, pamodzi ndi ana, ngati munthu wosungidwa pakhomo. Pa funso lakuti mundawo anaupeza bwanji, ayankha kuti anaswa okha mphanje chaka cha 1994.

Sindikukana kuti anagwira ntchito. Titabwerako ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi tinapeza tchire lolekeza m'khosi, ndipo ndi iwo analowa patsogolo ndi chikwanje pamene tonsefe tinkaopa mabomba okwirira. Zimenezo sindidzaiwala. Koma mango aja anabzala ndi amayi anu nkhondo isanayambe, ndipo alamu anaupeza mundawo komwe anapeza mkazi, pakhomo panu.

Ndayesa kudziuza kuti mwina wolemba uja anangofunsa kuti bambo wa pakhomo pano ndani, iwo n'kuyankha mosaganiza. Mtima ukukana. Pepalalo linasainidwa pa 20 Malichi. Kalata yanu yomaliza, imene anakulemberani ndi alamu omwewo patangopita sabata imodzi, ikunena za mbuzi yoswa mapasa, za malata a tchalitchi, za nyemba zimene zachita bwino. Za kulembetsa munda mulibe ngakhale liwu limodzi. Munthu wokumbukira mapasa a mbuzi angaiwale nkhani ya munda?

Ndiye ndakumbukiranso za pa Khirisimasi. Tikusenda chinangwa pakhonde, alamu anandifunsa mwaulemu kwambiri ngati chimene kompyuta yalemba chingathe kufufutika. Ine ndi matama anga a m'tauni ndinayankha kuti chikangotsimikizidwa basi chatha, ngakhale mfumu singachisinthe. Anagwedeza mutu n'kunena kuti sukulu ndi yabwino. Tsiku limenelo ndinkayesa akunyadira mlamu wawo wophunzira. Lero ndikuona kuti mwina ndinawaphunzitsa ndekha njira.

Mlandu wina ndi wanga, ndipo ukundichititsa manyazi. Ndinapita kwa abwana kukawauza kuti kwathu munda si wa munthu mmodzi, ndi wa mbumba: mayi, ana ake aakazi, ndi malume woyang'anira. Ndinawapempha kuti tichotse 1 uja, mzere uja ulole anthu angapo. Anandiyankha kuti kusintha nambala imeneyo kugwedeza zojambula zina zambiri ndi malamulo amene anzathu alemba kale, choncho tidikire chaka chamawa. Anandichenjezanso kuti pepala la kwathulo ndisalikhudze, poti wodandaula amadandaula yekha kwawo komweko. Titatuluka, Josefina anandifunsa kuti mwana wa ku Majaua analemba bwanji 1 pamenepo. Ndinangotengera chitsanzo cha m'buku la kusukulu, momwe munajambulidwa galimoto ndi mwini wake, osaganiza kuti munda wa amayi si galimoto.

Pempho langa ndi limodzi. Tengani malume a Fausto mupite nawo ku posito, ofesi ya boma ija ya ku Majaua, tsiku la 19 Meyi lisanafike, chifukwa masiku aja anayamba kale kuyenda. Mukanene kuti mukudandaula pa pepala nambala 417. Simukafunika kukangana ndi munthu, mukangodinda chala basi. Chala chanucho ndi chimene chidzalowetse munda m'bokosi la minda yamkangano. Dzina lake ndi loipa, ndikudziwa kuti simukonda zokokana, koma ndi bokosi lokhalo limene mungalankhulemo. Mukadikira kuti mukolole kaye nyemba, tsikulo lidzakudutsani, ndipo mudzakhala mlendo pansi pa mango a amayi anu. Achemwali akadzasiyana nawo alamu, kapena Mulungu akadzawatenga, mundawo udzapita kwa abale a mwamuna, ana a achemwali akuyang'ana.

Ndikudziwa kuti apa khoswe wakhala pamkhate. Sindikufuna kuswa banja la achemwali, ndipo n'chifukwa chake sindinawalembere iwo. Koma mantha ndili nawo, amayi, ndipo sindibisa.

Mundiperekere moni kwa malume a Fausto ndi akazi awo, kwa achemwali a Francisca ndi ana onse, kwa azakhali a ku Milange mukadzawaona, ndi kwa amayi anzanu a kumpingo. Kansalu kaja munakakonda ndakapeza, ndidzabwera nako ndekha.

Moni womaliza ndi wanu, alamu a Jorge, poti ndikudziwa kuti makalata anga mumawawerengera amayi ndinu, ndipo ino ili m'manja mwanu panopa. Iwerengeni yonse, osadumpha mzere. Ina yofanana nayo ndatumiza kwa aphunzitsi a Verónica, ndipo ndawapempha kuti Lamulungu likudzali, akaweruka ku tchalitchi, adzawawerengerenso amayi ndi malume ali pomwepo. Ngati ndakuganizirani molakwa, njinga muli nayo. Mukawakweze amayi inu nomwe, mukawasiye pakhomo pa posito, ndipo ine ndikadzabwera ndidzagwada pamaso pa onse kukupepesani.

Ndine mwana wanu wokukumbukirani masiku onse,

Eugénia