Makoswe Amene Anadya Mano a Apongozi

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa sekondale, bambo wa ana awiri, ndipo ndikulemba kalatayi thumba la jekete langa litadzaza mankhwala a makoswe.

Miyezi iwiri yapitayo ndinabweretsa kagalu pakhomo. Ana anakatcha Jenerali. Mayi awo sanakondwe. Anati, "Kakangowononga chinthu chimodzi m'nyumba muno, kabwerera komwe kachokera." Ine ndinadziguguda pachifuwa, ana akuona, kuti galu wamtundu ngati ameneyu sawononga.

Pano kali ndi miyezi inayi ndipo kakumera mano. Kanayamba ndi tchaja ya foni, ine n'kugula ina mwakachetechete. Kanakukuta mwendo wa tebulo, ine n'kutembenuzira mbali imeneyo kukhoma. Katadya chidendene cha nsapato ya mayi a ana yopitira kutchalitchi ndinasowa pogwira, ndiye ndinangoti, "Makoswe atikwana m'nyumba muno."

Sabata yatha kunabwera apongozi anga, mayi a akazi anga, kudzacheza mwezi wathunthu. Ali ndi mano oikirira, ndipo akamapumula masana amawavula n'kuwaika m'kapu pa kampando ka pafupi ndi bedi. Lachitatu ndinapeza Jenerali kuseri kwa sofa akundisekerera ndi mano a munthu. Ndinamulanda manowo, koma anali atathyoka kale pawiri. Ndinakawaponya pansi pa bedi lawo n'kunenanso kuti ndi makoswe. Apongozi anawatola, kuwatembenuza uku ndi uku, kenako anati, "Aphunzitsi, makoswe a pakhomo panu amadya bwino."

M'mawa mwake anakagula mankhwala. Amawathira m'tizivindikiro ta mabotolo n'kuika kuseri kwa filiji, pansi pa kabati, pakona iliyonse. Ine ndimayenda pambuyo pawo kutola. Iwo akaona kuti atha amati makoswe akudya, n'kuwonjezera ena. Dzulo ndinapeza Jenerali akununkhiza kachivindikiro kamene ndinakaphonya.

Mnzanga wa kuntchito akuti ndipake tsabola pa katundu yense, kapena ndizikamenya pakamwa ndi nsapato yomwe kadyayo. Ndichite chiyani kuti kasiye kutafuna sabata yomwe ino, mayi a ana asanadziwe?

G. W. M., m'tauni muno

Aphunzitsi,

Ndayamba ndapepesa makoswe onse m'malo mwanu. Ali ndi milandu yawo yambiri, koma uwu wa mano mwawasemera.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri kufunafuna wolakwa wa miyendo inayi, ndipo sindinamupeze. Kagalu ka miyezi inayi kakutafuna chifukwa mano aubwana akuguluka, atsopano akuboola, usinini ukuyabwa. Kalibe zala zokandira m'kamwa. Kakuchita zimene galu aliyense anachitapo chilengedwere agalu. Chodabwitsa m'nyumba mwanu ndi bambo wandevu, wolemba pabolodi, amene akukwawa kuseri kwa filiji kutola poizoni ngati nkhuku yotola mapira, chifukwa choopa kunena mawu atatu: "Ndi galu wanga."

Mukufunsa za kutafuna, koma kutafuna sikupha galu lero. Chimene chimuphe chili m'tizivindikiro. Inu mumatola ndi maso awiri, nthawi ya ntchito muli m'kalasi. Jenerali amasaka ndi mphuno, ndipo alibe kalasi. Mukuganiza kuti apambane ndani? Ndipo mwatchula ana awiri ngati kuti iwo satola zinthu pansi. Musanamalize kuwerenga yankholi, chotsani mankhwala onse, a m'jekete omwe, muwatsekere pamwamba. Ngati mukukayika kuti kagaluko kananyambitako, thamangani nako kwa dokotala wa ziweto mutanyamula paketi yake. Musadikire kuti kayambe kufooka, mankhwala ena amagwira mwakachetechete.

Koma apongozi sasiya kuthira pokhapokha makoswe anu atafa, ndipo amene angawaphe ndinu, ndi pakamwa panu. Khalani pansi ndi akazi anu muwauze zonse, kuyambira tchaja mpaka tebulo loyang'ana kukhoma lija. Kenako pitani nawo kwa mayi awo mukapepese, mutakonza tsiku lowaperekeza kwa dokotala wa mano. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo wamkulu pano ndinu. Mayi wachikulire watha sabata akudya zofewa ngati khanda, pakhomo pa mwana wake, kuti inu musachite manyazi.

Musadzinamizenso kuti muli ndi chinsinsi. Munthu amene wakhala padziko mpaka mano kutha amadziwa kusiyana kwa dzino la khoswe ndi la galu. Pamene ankati makoswe anu amadya bwino, sankayamikira makoswe.

Mnzanu wa tsabola uja musamubwereke ngakhale mphaka. Mupaka tsabola nyumba yonse, mipando, nsapato, limoti ya TV, ndiye muzikhala kuti? Woyamba kulira adzakhala mwana wanu akatikita m'maso. Kumenya nakonso ndi ulesi wovala jekete. Galu womenyedwa saphunzira kuti nsapato ndi yoletsedwa, amaphunzira kudyera kuseri kwa sofa n'kubisa umboni. Wa khalidwe limenelo alipo kale m'nyumbamo, wachiwiri safunika.

Kapatseni zake zotafuna. Chingwe chokhuthala chomanga mfundo, chidole cha labala cholimba cha agalu, kansalu konyowetsa koziziritsa mufiliji, kaloti wozizira. Kuzizirako kumatonthoza usinini, koma muzikayang'anira kuti kasameze zidutswa. Mukakapeza ndi chinthu cholakwika, nenani "ayi" kamodzi, landani, ikani chake m'kamwa, kakagwira mukayamikire. Musakapatse nsapato yakutha. Galu sadziwa kuti iyi ndi yakale, iyo ndi ya kutchalitchi, kwa iye zonse ndi nsapato. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, ayi, amasweka n'kubaya m'mimba.

Mukamachoka, kasiyeni pamalo pamodzi potchinga bwino, popanda mawaya a magetsi, pali madzi ndi zidole zake. Zitseko za kuchipinda zizikhala zotseka, nsapato zikwere pamwamba. Muzikayendetsa ndi kusewera nako m'mawa ndi madzulo, poti galu wotopa amagona, wosungulumwa ndiye kalipentala. M'mera mpoyamba: zimene kaphunzire panopa ndi zimene kadzakule nazo.

Za "sabata yomwe ino" iwalani. Mano samera potsatira kalendala ya mantha anu. Zimenezi zimayamba kuchepa kakafika miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri. Auzeni akazi anu zoona zimenezi, muwasonyeze malo amene mwakonza, ndipo mupemphe miyezi itatu. Mwina akana, poti lonjezo munalipereka nokha mukudziguguda. Zikatero, kapezereni kagaluko pakhomo pabwino. Ana adzalira, inde, koma kulira galu amene wasamuka n'kosiyana ndi kulira galu amene mwakwirira kuseri kwa nyumba.

Chenjezo langa ndi ili, aphunzitsi. Mukazengereza, tsiku lina mudzaphonya kachivindikiro kamodzi, ndipo ana adzakufunsani chimene chapha Jenerali. Tsiku limenelo musadzayerekeze kunena kuti ndi makoswe.

Aphungu