Kolona wa Herminia Pazenera la Wojambula

Mlongo wanga Eduviges,

Landira moni wochokera kuno kwathu. Kaya uli bwanji ndi kuzizira kwa ku Chicago? Nanga msana uja unaleka? Ine ndilipo, bondo lokha ndi limene likundikumbutsa zaka. Mvula sinayambe, fumbi lokhalokha.

Ndakhala chete miyezi yonseyi chifukwa ndinakukwiyira, ndipo mkwiyowo sunathe wonse. Mwana wanga Gilberto atakwatirana ndi mwamuna mnzake Ismael ku Puebla, iwe sunabwere, ngakhale foni sunaimbe. Unamvera za anthu. Tsopano umve za ine amene ndinaliko.

Fulgencio ukumukumbuka, uja anamunyamula Gilberto pa ubatizo, amenenso ndi mkulu wa gulu lonyamula chifanizo cha Yosefe Woyera pa mdipiti. Ku ukwatiko sanapondeko, koma ndiye ankaudziwa bwino kuposa ife amene tinadya kumeneko. Kometera tsitsi ankauza anthu kuti amuna anavala madiresi, akuti ena anavina osavala, akuti mtanda anaupachika chadodolido. Ine akuti ndinkaomba m'manja nditaledzera.

Kenaka anafika pakhomo panga, chipewa osavula, kudzandiuza kuti gulu lagwirizana zoti phewa langa lisakhudzenso Woyera. Malo anga aja akutsogolo kumanzere, Eduviges! Pamene ananyamulira agogo, nasiyira atate, atate nasiyira ine tsiku lija bondo linawakana pachitunda cha kumanda. Ndinamufunsa ngati phewa langalo ndi limene linakwatira. Amvekere nkhalamba iwe, pakamwa pako ndi pamene panamuononga mwanayo.

Ndinapita kwa Bambo Mfumu. Iwo akuti ukwati wotere sangaudalitse m'tchalitchi, koma za onyamula n'za onyamula okha. Anasamba m'manja ngati Pilato, ine n'kubwerera kunyumba.

Amene anatijambula ku Puebla ndi Nayeli, mwana wa malemu Porfirio. Sitolo ya atate ake ija yoyang'anizana ndi khomo la tchalitchi akuyendetsa ndi iyeyo, ndipo mwambo wawo sanautaye: ukwati uliwonse umene ajambula amauika pazenera kuti otuluka ku Misa aone. Anadzandifunsa ngati aike wathuwu. Ndinati asayerekeze, atithera. Koma Gilberto pafoni akuti atate, tabisala mokwanira, muuzeni aike zonse.

Lamulungu lake ndinakaima pansi pa mtengo wa pabwalo. Misa itatha anthu anathamangira pazenera paja, kukankhana ngati pogula nyama yotchipa. Ankafuna kuona osavala aja.

M'zithunzimo anapeza anyamata awiri m'masuti akuda, tsitsi lopesa bwino. Anawapeza atagwada pamkeka, ine ndi mayi ake a Ismael tikuwalemba chizindikiro cha mtanda pamphumi. Anapeza miphika ya msuzi wathu uja wa mole, ana atagona pamipando, ndi Ismael akulira ngati mwana wa ng'ombe. Mwini wake wa kometera tsitsi kuja amvekere ukwati wake ndi womwewu basi? Akuti wake unali ndi zoonerera zambiri, chifukwa apongozi anagendana ndi mbale. Anthu anaseka, koma kuseka kwa manyazi.

Ndiye kunabwera mayi Crescencia, aja amasoka ndi kuveka zovala za Woyera. Anavala magalasi, mphuno n'kuigunditsa pazenera, kenaka anakuwa kuti Mariya Virigo, uyu ndi kolona wa Herminia!

Ukumukumbuka kolona wamkulu wa pawiri uja, amene timawakoleka akwati pamapewa kuti akhale thupi limodzi. Malemu mkazi wanga Herminia ankabwereka aliyense wosowa wake, osafunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Mkanda umodzi utatayika anaikapo kanjere kakuda, ndipo kanjereko kankaoneka bwinobwino paphewa la Gilberto.

Mayi Crescencia akuti anakwatiwa ndi kolona ameneyo. Wina kumbuyo amvekere nanenso. Wina akuti iye ndi ana ake awiri. Ngakhale mkazi wa Fulgencio ananena motsitsa kuti nawonso ndi yemweyo. Azimayi aja anapitiriza kuyang'ana, ena akupukuta m'maso. Sankaonanso za kometera tsitsi zija. Ankaona tsiku lawo lomwe, pamapewa pa mwana amene anamuona akukwawa.

Fulgencio atayandikira, mayi Crescencia anamutembenukira. Akuti wabodza iwe, osavala ako aja ali kuti? Akuti ngati ine Eleuterio sindinyamula, iwonso saveka Woyera, Fulgencio akamunyamule Yosefe ali mtengo wokhawokha, poti ndiye amakonda nkhani za osavala. Bwalo lonse linafa ndi phwete.

Sindikunamize kuti onse anasintha. Alipo ena mpaka lero akandiona amaoloka msewu. Koma gulu litakumananso, amuna aja anali atamva kale mawu a akazi awo kunyumba, ndipo malo anga anabwerera.

Tsiku la Yosefe Woyera ndinanyamula, ine kumanzere, Fulgencio kumanja, mtengo wake umodzi. Sanandilankhule. Titafika pachitunda cha kumanda bondo linandikana, pamalo pomwe paja linawakanira atate. Mwambo ukuudziwa: bambo akalephera, amalowa ndi mwana wake. Ndisanaitane n'komwe, Gilberto, amene anabwera ndi Ismael kudzaonerera mdipiti, anatuluka m'khamu, n'kulowetsa phewa pamene ndinachotsa langa.

Ukanaona nkhope ya Fulgencio! Koma akanatani? Akanangoti asiye, Yosefe akanagwa chafufumimba mudzi wonse ukuona. Anakwera chitunda chonse ndi mwana wake wa ubatizo, phazi ndi phazi. Ine ndinkabwera pambuyo, Ismael atandigwira mkono, akundifunsafunsa kuti atate, ndikuberekeni? Ndinamuuza kuti ayambe waphunzira kusalira pa ukwati.

Pamwamba, popumira, ndinamva Fulgencio akulalatira Gilberto. Ndinati zayambanso. Koma akuti mwana iwe ndiwe wamfupi ngati bambo ako, pinda nsalu uike paphewa, ukumupendeketsa Woyera. N'kumuponyera mpango wake womwe. Kupepesa sanapepese, ndipo ndikudikirabe. Koma mpangowo Nayeli anaujambula uli m'malere, ndipo chithunzicho chili pazenera lero lino.

Ndakuikira ziwiri m'kalata muno, cha kolona ndi cha pachitunda. Uziyang'ane bwino, uvale magalasi ngati mayi Crescencia. Kanjere kakudako ukadziwa, chifukwa nawenso unakwatiwa ndi kolona yemweyo.

Pempho langa ndi limodzi. Muimbire Gilberto. Mayi alibe, ndipo azakhali ake ndiwe wekha. Akandiimbira amayamba ndi za bondo, koma ndimadziwa kumene akupita: azakhali anenapo kanthu? Ndatopa kumuyankha kuti mafoni a ku Chicago ndi ovuta.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Casimiro ndi adzukulu onse. Yosefe Woyera, amene chaka chino wakwera chitunda paphewa la mwana wanga osagwa, akusunge ndi nyumba yako yonse.

Ndine mlongo wako,
Eleuterio