Kampira ka Alamu

Lolemba, 3 Juni

Iwe amene umati za kompyuta n'zongodinadina, tatseka makutu ndi zala uvine nyimbo mpaka kumapeto osaphonya. Zakukanika? Ndiye khala chete.

Alamu anga, akazi a achimwene, sanamvepo mawu chibadwire, koma ndiwo amatsogolera gulu la ovina osamva. Loweruka akavina ku holo, pamaso pa anthu akumva. Yanga ntchito n'kulemba pulogalamu: kampira pa sikirini kazithwanima pamene ng'oma ikulira, iwo aziponda moyang'ana pamenepo. Zimenezi palibe anandiphunzitsa, ndinazitola ndekha kuseri kwa shopu yathu yokonza mafoni.

Alamu andiuza chinthu chimodzi ndi manja: "Asatiombere m'manja chifukwa chotimvera chisoni."

Lachiwiri, 4 Juni

Tayesa m'galaja. Poyamba bwinobwino. Kufika pakati pa nyimbo, kampira katsogola, anthu akuponda ng'oma isanalire. Ine wamakutu sindinaone kanthu. Alamu, ali osavala nsapato pa thabwa limene tagonekapo sipika, angoima. Manja m'mwamba: "Kampira kakoka kakuthamangira kuti? Kali ndi chibwenzi?"

Gulu lonse kuseka. Ine kupsa mtima, kutukwana laputopu. Laputopu yosalakwa. Chithunzi chimayendera wotchi ya kompyuta, mawu amayendera wotchi yawoyawo, ndiye mawotchi awiri amasiyana pang'onopang'ono. Ndasintha. Tsopano kampira kazifunsa nyimbo kuti wafika pati, osati kumangoganizira.

Koma mayi uja! Kumva ndi zidendene chinthu chimene makutu anga awiri anaphonya.

Lachitatu, 5 Juni

Kakutsogolabe, koma mofanana kuyambira poyamba mpaka kumapeto. Mutu waima.

Lachinayi, 6 Juni

Ndachigwira. Mawu akachoka mu pulogalamu safika ku sipika nthawi yomweyo, amayamba aima pa mzere ngati odwala kuchipatala. Chithunzi sichiima pa mzere. Ndiye chiyenera kuchedwetsedwa dala, chidikire mnzake.

Ndinayesa kupima kuchedwako pogogoda batani motsatira ng'oma. Zachabe. Chala changa chimafulumira ngati pakamwa panga. Alamu abwera ndi baluni, aikumbatira pachifuwa pafupi ndi sipika kuti izinjenjemera ng'oma ikalira, dzanja linalo pa kompyuta. Akusuntha nthawi ya kampira pang'ono, akuima, akusuntha. Kenako chala chachikulu m'mwamba. Ndendende.

Sanathere pomwepo. Achimwene amamasulira, poti alamu amati manja anga amachita chibwibwi. Alamu akuti kuthwanimako ndichotse. "Ukandiuza kuti 'tsopano', ndachedwa kale. Undiuze kuti 'ikubwera'." Ndiye kampira kazigwa kuchokera pamwamba, kagunde mzere pamodzi ndi ng'oma, phazi lione kakubwera. Mavidiyo onse ophunzitsa za kompyuta amene ndaonera, palibe ananena zimenezi momveka chonchi.

Achimwene akuti, "Waona chimene ndinakwatirira?" Ndawauza kuti iwo ndiye anachita mwayi, alamu anangochita chifundo.

Lachisanu, 7 Juni

Ku holo. Waya kuchoka pa laputopu mpaka pa makina a bambo oyang'anira zokuzira mawu, amene onse amawatcha a Voliyumu. Tapimanso ndi baluni. Avina nyimbo zonse, phazi ndi ng'oma ngati mapasa. Mayi wosesa anasiya tsache n'kuyamba kugwedeza mapewa, atatha akufuula kuti abwereze. Akudabwa kuti bwanji sakumuyankha. Sanadziwe kuti ndi osamva! Nditawauza alamu, anatembenukira kukhoma kanthawi.

Loweruka, 8 Juni

Ndikulemba pabondo kuti manja asapite pakhosi pa munthu.

Tafika, waya wanga wazulidwa, wakulungidwa pa mpando. A Voliyumu akuti umaipitsa malo, alendo angapunthwe, ndiye aika kachipangizo kopanda waya. Kameneko kamachedwetsa mawu, ndipo kuchedwa kwake sikukhazikika, pena pang'ono pena kwambiri. Sungapime chinthu chosaima.

Alamu akumbatira baluni, nyimbo yangoyamba, apukusa mutu.

Ndawafotokozera a Voliyumu mwaulemu, ine amene. Iwo akuti, "Aaa achemwali, nanga iwowa akumva ngati? Anthu awombabe m'manja."

Achimwene anazengereza kumasulira. Alamu anawagwira chibwano mpaka anamasulira zonse. Sanakwiye. Avula nsapato, akhala pansi pakati pa siteji, anzawo onse akhala nawo, manja pamiyendo. Zitseko zatsegulidwa, anthu akulowa, akuwayang'ana. A Voliyumu thukuta kamukamu, akundinong'oneza kuti ndiwauze adzuke.

Sindiwauza. Ndaika waya pa makina awo, tepi yomatira pansi pambali pake. Bambo, zulani kachinthu kanuko, mubwezere waya uwu pamene munauchotsa. Pompano.