Dimba la achimwene

Lolemba, 3 Juni

Chisanu. Chifunga mpaka masana. Achimwene a Kenan abwera ndi chisamani m'thumba la jekete. Mlamu Veronika, mkazi amene anamusiya chaka chatha ndi ana atatu, wawasumira kukhothi ku Boma. Akufuna chithandizo cha ana mwezi ndi mwezi. Iwo akuti: "Ana ndi akuchikazi, ali ndi malume awo. Ine wanga ndi wako." N'zoona. Chimwalirire bambo ake, fizi ya Tawonga wanga amalipira ndi iwo. Tsono akufuna ndikanene kuti dimba lawo la mbatatesi ndi langa, iwo alibe kanthu. Ndati ndamva. Kumva kokha.

Lachinayi, 6 Juni

Veronika kuchigayo, thumba pamutu, wamng'ono kumsana. Waonda. Ndimafuna kukhota, wandiitana ndi iye. Moni wonse bwinobwino, mpaka kufunsa za sukulu ya Tawonga. Za mlandu wangoti: "Alamu, banja sindikulifunanso. Ndikufuna sopo ndi makope."

Munthu wolekezera Sitandade 5, koma anapita yekha ku Boma, kufunsa khomo ndi khomo mpaka kupeza loyenera. Ankhoswe anamuuza kanayi konse kuti apirire. Ndikanakhala ine ndikanapirira mpaka kumanda. Ndimamusirira, ndisaname.

Lamulungu, 9 Juni

Misa. Sindinalandire Ukaristia. Veronika m'kwaya, mawu ali gwa ngati palibe chomudya mumtima. Ana ake kutsogolo, malaya azigamba koma ochapa, mapazi osweka ndi chisanu. Wamkuluyo mphuno ya achimwene yeniyeni. Tawonga wanga ali ndi nsapato ziwiri, zonse zochokera m'dimba lomwelo.

Lachitatu, 12 Juni

Khothi. Benchi lozizira. Achimwene anayala za mwambo nthawi yaitali, mpaka a majisitireti anawadula, akuti palamulo wobereka ndiye wolera. Veronika sanalire, sanatukwane. Atafunsidwa za dimba anati: "Ndinalima nawo zaka zisanu ndi ziwiri. Koma alamu angawa musawafunse, ali ndi mwana pasukulu."

Ine ndabwera kudzamunamizira, iye n'kumanditchinjiriza. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu.

Anandiitanabe. Baibulo m'manja. Dimba ndi la ndani? Ndinati la achimwene. Pakamwa panangotseguka pokha.

Agamula kuti azipereka mwezi uliwonse. Pobwerera minibasi imodzi, iwo mpando wakutsogolo, osacheuka mpaka kutsika.

Lachisanu, 21 Juni

Achimwene atuma mawu kudzera kwa azakhali. Fizi ya Sepitembala ndione ndekha, poti ndasankha mbali. Folomu 4 imeneyo. Ndalira kuseri kwa khola. Mwana sindinamuuze. Kuwada achimwene ndikulephera, andisunga zaka zinayi. Kunong'oneza bondo nakonso kukukana kubwera.

Loweruka, 22 Juni

M'mawa kuli mbuu, odi pakhomo. Veronika, khasu paphewa, dengu la mbewu ya mbatatesi pamutu. Wamva ndithu. Akuti: "Kudambo kwathu kuli malo osalimidwa. Tilime awiri, mizere yanu ikhale ya Tawonga. Miyezi itatu takumba."

Ndalama yoyamba ya chigamulo chija sanailandire n'komwe. Mbewuyo ndi yake yomwe anasungira ana. Sizikwana fizi yonse, ndikudziwa, nayenso akudziwa. Ndamuuza adikire ndivale juzi, ndalowa muno kuti asandione m'maso. Akuitananso, akuti dzuwa silidikira. Khasu langa lili kuti kodi