Munalemba Mwana Wanga pa Fomu

Nkhulambe, Phalombe
19 Ogasiti 2024

Achimwene a Phillip,

Ndiyambe ndi moni monga anatiphunzitsira makolo. Muli bwanji ku Bangweko? Nanga ana akudzuka bwanji? Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma akumatuluka kukaothera dzuwa. Nandolo wauma, tayamba kumenya.

Foni yanu ndikumaiona ikamalira, ndipo sindikuyankha dala. Pa foni mumayankhula nokha, ine n'kumangoti eya, eya. Pakalata pano mundimva mpaka ndimalize.

Ndamva kuti mukufufuza amene anakuululani kwa a bungwe aja, poganiza kuti ine ndinachita kutumidwa ndi wina. Mwatukwana alangizi a zaulimi, mwanamizira anzanga a kumsika. Asiyeni anthu osalakwa. Ndine.

Mukudziwa mmene namondwe wa chaka chatha anandisiyira. Nyumba inapita, munda unakwiririka ndi miyala yochokera kuphiri, ndipo mwana wanga Promise anapita ndi madzi, mpaka lero sitinamupeze. Bambo ake anawolokera ku Mozambique kukafuna ganyu, sanabwerenso. Ine sindinakupempheni kanthu. Ndinayamba kugula nandolo, kumupera pamphero, kupeta, kumanga m'timapepala n'kupita naye panjinga kumsika wa Chiringa. Manja anachita zikang'a, koma ine ndi amayi tinkadya.

Mu Okutobala munabwera ndi nkhope yachifundo. Munati kuli bungwe limene likupereka makina kwa amayi a mabizinesi ang'onoang'ono amene anakhudzidwa ndi namondwe, ndipo si ngongole ayi, ndi thandizo. Munati mafomu ake ndi a Chingerezi, mundilembera inuyo. Munajambula mphero yanga, matumba anga, ndi malo amene panali nyumba. Kenako munandikhazika pansi kuti ndifotokoze zonse za tsiku la madzi lija. Chichitikireni ndinali ndisanauzepo munthu. Ndinakuuzani inu chifukwa ndinu mlongo wanga. Ine ndikulira, inu mukulemba mufoni.

Patapita miyezi munandiuza kuti sizinatheke, ofunsira anachuluka. Ndinakuthokozani chifukwa choyesa. Ndikakumbukira kuti ndinakuthokozani, mtima umandiwira.

Mwezi watha ndi pamene munaulula, osati chifukwa cha chisoni, koma chifukwa munapanikizika. Munati chigayo chokonolera nandolo chinatuluka kalekale, koma m'dzina la akazi anu a Aliness, poti ine sukulu ndinalekera panjira ndipo sindikanatha kuyankhula ndi mabwana. Chigayocho chinali kwanu ku Bangwe, chikukonolera amalonda a ku Limbe. Tsopano a bungwe amafuna kudzachiona kuno, kumene fomu imati chili. Munati muchitumiza pa lole masiku awiri, ine ndidzangonena kuti ndine wantchito wa alamu, ndipo mukapulumuka muzindibwereka mwezi umodzi pa chaka.

Ndinavomera. Manyazi amenewa ndi anga, sindikukankhirani. Ndinaganiza za mwezi umodziwo, ndinayang'ana manja angawa, n'kuvomera.

Inu simunabwere, munati kuntchito sanakuloleni. Ndiye ndikuuzeni zimene akazi anu sanakuuzeni.

Anafika ndi lole m'mawa, anavula nsapato zawo za m'tauni, anabwereka chitenje changa chakale n'kumanga duku. Masana kunafika mayi wa bungwe, dzina lake a Anifa, ndi bambo wina wojambula. Atandifunsa kuti ndine ndani, ndinayankha pakhomo panga pomwe kuti ndine wantchito. Anafunsa alamu kuti nandolo amagula kuti, amamuyanika masiku angati, amagulitsa misika iti. Alamu ankangoseka n'kumati wantchitoyu ndi amene amadziwa bwino, ine n'kumayankha. Zonse zinkayenda monga munakonzera.

Atamaliza kulemba, a Anifa anatseka buku lawo n'kugwira dzanja la alamu. Anati mafomu anawerenga mazanamazana, koma yawoyi sanaiiwale. Anati pepani kwambiri za mwana wanu Promise, wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene madzi anamulanda m'manja mwanu.

Achimwene, akazi anu anaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Zikomo mayi, tinazivomereza. Anali mwana womvera."

Ndinali nditanyamula lichero. Ndinalitula pansi bwinobwino kuti nandolo asatayike. Sindinakuwe, sindinatukwane. Ndinangofunsa kuti, "Alamu, tsiku limenelo Promise anavala chiyani?"

Anayamba kukonza duku lawo. Ndinafunsanso. Anandiyang'ana ndi maso ondiopseza. Ndiye ndinawauza a Anifa kuti mwanayo anavala diresi yachikasu imene ndinamusokera pa Khirisimasi, pamwamba pake juzi yanga, chifukwa ankanjenjemera. Ndinawauza kuti dzanja limene anapulumukamo ndi ili, lamanzereli. Amayi anali pakhonde, sitinkadziwa kuti akumva. Anayankhula m'Chilomwe kuti mwanayo anabadwira m'manja mwawo, ndipo make ndi uyu mwamuyesa wantchitoyu.

Chigayo a bungwe anachikweza tsiku lomwelo kupita nacho kuboma. Mawu anga anawalemba, anandiwerengera, ndinasayina. Sindinabise kuti nanenso ndinanama m'mawa mwake. Sanandilonjeze kanthu. Anati nkhani ipita kwa akuluakulu awo, ndipo mwina chigayocho chipita kwa mayi wina. Chipite. Koma anandiuzanso china: mafomu aja analiponso a Chichewa, ndipo alangizi ankathandiza amayi kulemba mwaulere. Ndikanatha kulemba ndekha, achimwene. Inu munkadziwa.

Uthenga wanu wandipeza. Mukuti ndipite kuboma ndikanene kuti chichitikireni ngozi ija mutu wanga suyenda bwino, ndinangobwebweta. Mukuti ndikakana, ndiiwale zoti ndili ndi mwini mbumba, pa mlandu kapena pa maliro ndisadzakuitaneni.

Sindipita. Mutu wanga ukuyenda bwino kwambiri. Mukanangoba chigayo chokha ndikanakhala chete, ndipo mwaona nokha kuti ndinali nditayamba kale kukhala chete. Koma mwana amene ndilibe ngakhale manda ake oti ndikasese, chimene ndinatsala nacho ndi chakuti ndine make. Inu munatenga chimenecho n'kuwaveka akazi anu kuti fomu ikome. Za umwini mbumbazo, sungani. Pamene tinkafukula matope ndi makasu kufuna Promise, munabwera tsiku limodzi, munabwerera nsapato zili zoyera.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo si la ine. Amayi sakudya bwino. Tsiku lililonse akumandifunsa ngati dzina la mdzukulu wawo munalilemba ndinu kapena akazi anu. Akufunitsitsa kuti akhale akazi anu. Ine ndikumati sindikudziwa, koma ndatopa kunama m'malo mwanu. Bwerani muwayankhe nokha. Musatume munthu, musaimbe foni, musabwere ndi shuga. Mudzakhale pamphasa patsogolo pawo, muwauze. Ine tsikulo ndidzapita kumsika kuti tisaonane.

Mupereke moni kwa Julius ndi Peggy, muwauze kuti azakhali awo amawakonda ndipo pakhomo pano ndi pawo. Ana sanalakwe. Kwa alamu ndilibe mawu.

Mulungu akusungeni ndi moyo. Kupitirira apo sindingathe kukupemphererani panopa.

Ndine mlongo wanu,
Fainess, make Promise