Manja Anga Ndi Osalala

Somogy, Novembala 1944

Okondedwa achimwene a Benedek,

Ndikupatsani moni ndi mtima wonse. Kodi muli bwanji kumudziko, nanga chifuwa cha amayi chija chalekako ndi kuzizira kuno? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Abwana ndi banja lawo anathawira ku Vienna. Anatenga mbale zasiliva ndi agalu, ife natisiyira chinyumba chonsechi. Mipando taiphimba ndi nsalu zoyera monga timachitira akapita kutchuthi. Ndikamadutsa m'chipinda chodyera chija, makolo awo a pazithunzi amangondiyang'ana. Mizinga tsopano ikumveka chakum'mawa, moti magalasi a nyali zopachika kudenga amalira okha popanda wowakhudza.

Chondiopsa ndi ichi. Anthu othawa nkhondo amene anapumira m'khola la akavalo akuti asilikali akubwerawo akalowa m'nyumba zachifumu safunsa dzina. Amangoti tambasula manja. Wamanja okhakhala amamusiya, wamanja osalala amati ndiye bwana, n'kupita naye kuseri kwa khoma. Kaya n'zoona, sindikudziwa. Koma inu mukudziwa kuti kuyambira unyamata wanga ndakhala ndikuperekera zakudya patebulo nditavala magolovesi oyera, ndipo lamulo la nyumba ino linali lakuti woperekera asagwire khasu ngakhale chikuni. Manja anga ndi ofewa kuposa a abwana eniake, poti iwo ankagwirako zingwe za akavalo.

Ndinapita kwa a Gáspár, mkulu wosamala munda wamaluwa, kukapempha nkhwangwa. Anatembenuza chikhatho changa, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati mwana wawo wamkazi akanakhala ndi manja otere, bwenzi atakwatiwa kalekale. Kenako kuseka kunatha, ndipo anati, “Dezső, chikhatho sichikhwima sabata imodzi. Koma waza.”

Ndiye ndikuwaza nkhuni kuyambira m'mawa. Chatuluka ndi matuza okhaokha. Mayi Etelka akukhitchini amandinyika manja m'madzi amchere, uku akundinena kuti matuza ndiwo andiulule msanga, chifukwa mlimi weniweni satupa. Zovala nazo ndilibe zina koma zamabatani agolide, ndi jekete limene abwana anandipatsa litawathera.

Pempho langa ndi limodzi. Mwini ngolo amene wabweretsa kalatayi abwereranso kuno. Mumupatse chikhoti cha malemu atate chachikopa cha nkhosa chija, chong'ambika paphewa. Alamu asachisoke, ndipo chonde asachichape. Ndimakumbukira mmene chinkanunkhira utsi ndi khola atate akatifunditsa tonse awiri pangolo pochokera kumsika. Fungo limenelo mwina lingandilankhulire kumene manja akundikana.

Amayi musawawerengere zonsezi. Muwauze kuti ndapempha chikhoticho chifukwa cha chisanu. Paja amakonda kuuza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo mmodzi anapulumuka ku khasu. Asiyeni azinenabe choncho.

Mundiperekere moni kwa alamu a Piroska, kwa azakhali a Rozália, ndi kwa ana onse. Mukhululuke kuti zilembo zapindika, cholembera chikundivuta kugwira. Ndikatsiriza pano ndibwereranso ku nkhwangwa.

Ndine mng'ono wanu wokukumbukani nthawi zonse,
Dezső