Tinanama pa fomu, mlangizi akutichokera

Aphungu,

Ndine namwino ku wodi ya odwala matenda a m'maganizo, chaka chakhumi ndi chimodzi tsopano. Chaka chatha madzi osefukira anakokolola dera lathu, ndipo mng'ono wanga anapita nawo. Patangotha masiku anayi ndinabwerera kuntchito. Amene ankadzaza benchi yathu ndi anthu a madzi omwewo. Mayi akufotokoza mmene madzi anatsomphola mwana m'manja mwake, ine ndikulemba m'fayilo, ndikugwedeza mutu, kenako n'kukalirira m'chipinda chosungira mabulangeti.

Miyezi itatu yapitayo kunabwera ofufuza ndi mafomu. Ankafuna kuyeza mmene ngoziyo inatipwetekera ife anamwino, komanso ngati yatilimbitsa mtima. Funso lililonse umachonga kuyambira ziro mpaka faifi. Aphungu, mafunso oterewa ife timafunsa odwala tsiku ndi tsiku. Timalidziwa bokosi limene ukachonga amakutumiza kwa dokotala. Ndiye pa "Kodi mumalota za ngoziyo?" ndinachonga ziro. Pa "Kodi mwalimba kuposa kale?" faifi. Fomuyo ndinaimaliza tiyi wanga asanazizire.

Zotsatira zabwera. Akuti wodi yathu ndiyolimba kuposa mawodi onse. Abwana anatiombera m'manja, n'kulengeza kuti mlangizi amene amadzacheza ndi ogwira ntchito Lachitatu lililonse asamukira ku wodi ina pakutha pa mwezi uno. Titatuluka, mnzanga amene timamutcha Chitsulo anandikoka yunifolomu: "Iwenso unanama eti?" Tonse asanu ndi awiri tinanama, aliyense akuyesa kuti ali yekha. Chitsuloyo anataya mwamuna, ndipo za iye amalankhula kwa mlangiziyo basi.

Ndatopa, Aphungu, kutopa kosatha ndi tulo. Ndikaulula, adzati wosamalira amisala wapenga yekha. Ndikakhala chete, mlangizi apita. Ndichitenji?

E.T.M.

Anamwino,

Pepani za mng'ono wanu. Koma inunso, aa! Wodwala atakuyankhani ziro pa chilichonse maso ali psuu, mungamukhulupirire? Fomu ilibe maso. Inangolemba zimene munaiuza.

Musapite nokha. Itanani anzanu asanu ndi mmodziwo, ndipo Lachitatu likubwerali mulowe kwa mlangizi pamodzi. Muuzeni zonse, iye akuperekezeni kwa abwana. Munthu mmodzi angamunene kuti wafooka, koma wodi yonse ikalankhula, bwana aliyense amakhala pansi.

Ofufuzawo alembereni kalata. Sadzakwiya, kudziwa kuti anamwino amazemba mafunso awo n'kofunika kwa iwo kuposa faifi wabodza. Pemphani kudzazanso mafomu opanda mayina, ndipo asatoleredwe ndi aliyense wa pachipatalapo.

Podzazanso musafufute zabwino zonse ayi. Mwina n'zoona kuti pano mumamvetsa odwala kuposa kale. Munthu amatha kukula mtima uku akulota madzi, ndipo fomuyo ili ndi malo a zonse ziwiri.

Chenjezo langa ndi ili. Mwezi ukutha, musadikire kuti wina ayambe. Ndipo anamwino ndimakudziwani, ndinu akatswiri odandaulira ena. Mukalowa m'chipindamo mudzafuna kunena kuti, "Mnzathuyu akuvutika." Mnzanuyo ali ndi pakamwa pake. Inu mukanene zanu.